Chikopa cha Mbuzi pa Ng'oma Yatsopano

Sajeni Esther Mitawa ankadziwika kuti mlandu sugona m'manja mwake, koma wa ng'omawu sunafike ngakhale pa nkhomaliro. Dandaulo linabwera Loweruka cha m'ma 9 koloko m'mawa, loti pa madiramu atsopano a tchalitchi china ku Bangwe pasowa sineya, kang'oma kapakati kaja kokhala ndi mawaya kunsi. Mayi wina anati anaona mmisiri wokunga ng'oma, Che Majidi, akutuluka m'tchalitchimo ndi thumba. Pofika 12 koloko Esther anali ataipeza ng'omayo ku Ndirande, pansi pa benchi ya mkuluyo, itakulungidwa m'chiguduli. Anawamanga pomwepo msika wonse ukuona. Tchalitchicho n'chimene iye mwini ankapempherako, choncho anafuna anthu aone kuti mwana wa a Mitawa sakondera.

Anthu anaonadi. Amayi ogulitsa tomato anasiya makasitomala n'kuima pamsewu. Wina wa kabaza anafuula kuti iye anayamba kale kumukayikira mdalayu, chonsecho ngakhale dzina lake sankalidziwa. Bambo wina amene anabwera ndi ng'oma ziwiri za kwaya kuti zikungidwe anazikwezanso panjinga n'kubwerera nazo. Kwa zaka makumi anayi matchalitchi, masukulu ndi mabandi ankawasiyira katundu Che Majidi popanda chikalata chilichonse, ndipo mbiri imeneyo inatha m'mphindi khumi.

Chimene Esther ankayesetsa kuti asachikumbukire n'chakuti Che Majidi anali bwenzi la bambo ake iye asanabadwe. A Gabriel Mitawa, bambo akewo, anakalambira pa ng'oma, poyamba m'mabandi a dansi, kenako m'tchalitchi, ndipo chikopa chilichonse chimene anamenyapo chinadutsa m'manja mwa Che Majidi. Esther ali mwana, mkuluyu ankabwera kwawo ndi zitumbuwa m'thumba la mkanjo. Tsiku limeneli anangotambasula manja omwe aja, unyolo n'kutseka. Esther sanawayang'ane kumaso. Anadziuza kuti ntchito ilibe chibale, mawu amene amakoma kwambiri ukamawanena pagulu.

Kupolisi anaika ng'oma ija patebulo n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Che Majidi, ng'omayi munaitenga kuti?"

"Mwaipeza kwanga."

"Sindikufunsa komwe ndaipeza. Munthu anakuonani dzulo mukutuluka nayo m'tchalitchi."

"Amene anaonayo maso ake ndi abwino."

"Munalowa bwanji? Chitseko sichinathyoledwe."

"Ndinalowera pakhomo, mwanangu. Msinkhu uno pawindo sindingakwane."

"Anakutsekulirani ndani?"

Mkuluyo anavula chisoti chake choyera, anachiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Esther anakankhira ng'oma ija pafupi nawo. Thupi lake linali lofiira, lonyezimira ngati galimoto yotsukidwa kumene. Koma pamwamba, pamene pamayenera kukhala pulasitiki yoyera ya kufakitale, panali chikopa cha mbuzi chopalidwa bwinobwino, chisanaume, chikununkha.

"Pulasitiki yake ili kuti? Munaichotseranji?"

"Pali nkhani zina zoti anene ndi mwini wake," anatero Che Majidi.

"Mwini wake ndi mpingo, ndipo mpingo wadandaula. Mukapanda kulankhula mugona muno lero ndi mawa, Lolemba kukhoti. Mukudziwa zimene anthu akunena ku Ndirande panopa?"

"Ndinali pompo, ndinamva."

Anaimirira okha wapolisi wa pakhomo asanawagwire. Atafika pachitseko anatembenuka, ndipo Esther anakonzekeretsa cholembera poganiza kuti afewa.

"Musaiike padzuwa, Esitere. Chikopacho chikauma mothamanga chimapindika."

* * *

Wodandaula uja anali Maziko, amene ankaimba madiramu atsopanowo Lamulungu lililonse ndipo mkati mwa sabata ankajambula nyimbo mu situdiyo ina ku Chitawira. Anafika kupolisi cha m'ma 3 koloko, kiyi wochunira ng'oma ali pachingwe m'khosi ngati mtanda. Ataiona sineya ija anagwira m'mutu.

"Apa ndiye aipha, sisi."

"Ndi yomweyi?"

"Ndi yomweyi, shuwa. Onani nambala kunsiku." Anaigogoda ndi chala, inangoti bu. "Mwamva? Imeneyi imayenera kuthetheka. Ukaimenya iyankhe pompo n'kukhala chete. N'chifukwa chake tinagula atsopanowa. Thabwa lake ndi lopyapyala, magawo angapo omatidwa ndi makina, mabawuti ambiri, pamwamba pulasitiki. Kuzizire, kutenthe, alibe nazo ntchito. Kiyi basi."

"Nanga akale aja?"

"A madala anu? Sindikunyoza, ajawa ndi katundu. Thabwa lokhuthala, mkati muli mikombero ya mtengo, besi yake, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi ija, mpaka anthu awiri kunyamula. Sawundi yake imatsika, umaimvera m'mimba, ndipo imachedwa kutha. Pa maliro ndi abwino heve. Koma ikani maikolofoni, mungomva matope okhaokha. Komanso chikopa chili ndi mtima wake. Kukacha bwino chimalira, kukachita chiperoni chimanyanyala."

Esther sanafunikire kuuzidwa zimenezo. Mwezi wa Juni, pa msonkhano wa mpingo, ndi iyeyo amene anaimirira n'kunena kuti madiramu akalewo akuchititsa manyazi, alendo akabwera amayesa kuti kuseri kukugubuduzidwa migolo. Anawonjezera kuti chilichonse chili ndi nthawi yake. Anthu anaseka mpaka misozi. Bambo ake anali pa benchi yachiwiri, nawonso anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapondedwa chala ndi mlendo. Atabwera madiramu atsopano, akale aja anawaunjika m'chipinda chosungira masache, ndipo a Mitawa anayamba kukhala kumbuyo, manja ali pamaondo.

"Ndiuze, Maziko," anatero Esther. "Munthu woti waba, angachotserenji pulasitiki n'kuikapo chikopa?"

"Zimenezo n'zimene zikundibalalitsa. Ikanakhala mmene inalili, akanaigulitsa tsiku lomwelo. Chonchi palibe angaifune. Zili ngati kuba galimoto n'kumangirira ng'ombe kutsogolo."

"Mwina amafuna isadziwike."

"Ndi kufiira konseku? Ndi nambala ili pompo?" Anaizunguliza m'manja, kenako anaima. "Taonani apa."

Mbali imodzi ya thupi lofiira lija inali itatuluka matuza, ndipo mkombero wachitsulo pamalo omwewo unali utada. Esther anapalapo ndi chikhadabo, chala chinabwera ndi mwaye.

"Dzuwa lingachite zimenezi?"

"Dzuwa la Julaye? Uwu ndi moto, sisi."

"Unaiona liti komaliza?"

"Lamulungu, titaweruka. Ndinafunditsa nsalu madiramu onse monga mwa nthawi zonse. Lero povundukula kuti tiyeserere, ndapeza miyendo yokhayokha, sineya palibe. Sabata yonse ndinali ku Chitawira, mukafunse."

"Makiyi a tchalitchi alipo angati?"

"Atatu. Abusa anapita nawo awo ku Mulanje Lachiwiri, sanabwere. Anga ndi awa." Maziko anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zake. "Achitatuwo mukuwadziwa komwe amagona. Ndi kunyumba kwanu."

Esther sanalembe zimenezo. Anadziuza kuti bambo ake amataya makiyi paliponse, ndipo munthu amene amalowa m'nyumba mwawo ngati m'bale akanatha kuwatola. Madzulo pa chakudya anawauza bambo akewo kuti wakuba wapezeka, n'kutchula dzina. A Mitawa anasiya kudya. Anati dzino lawayamba, n'kulowa kuchipinda nthawi yogona isanakwane n'komwe.

* * *

Lamulungu kunacha ndi nkhungu. Chiperoni chinali chitaphimba phiri la Bangwe, timvula tosanyowetsa koma tolowa m'mafupa. Esther anafika patchalitchi mapemphero asanayambe, osati kudzapemphera. Ankafuna Mayi Modesta, amene ankasesa m'tchalitchimo komanso kukazinga mandasi pageti. Ndi amene anaona Che Majidi ndi thumba, ndipo anali atafotokozera kale aliyense wogula mandasi, ngakhale wogula limodzi.

"Ine bodza ayi, a Sajeni. Ndinawaona ndi maso angawa, Lachisanu cha m'ma 2, atachoka kumzikiti kwawoko. Chisoti choyera, thumba pamsana, lozungulira chonchi. Ndinati moni, iwo moni. Ndinati kodi mwatenga chiyani, iwo ntchito. Mtima wanga unagunda pomwepo, ine mtima wanga sunama, ngakhale tsiku limene anamwalira malemu amuna anga..."

"Anali okha?"

"Potuluka anali okha. Polowa sindinaone, ndinali kutembenuza mandasi. Mafuta a masiku ano sachedwa kupsereza."

"Atatuluka, anakhoma chitseko?"

Mayi Modesta anaima ndi chipande m'mwamba. "Ayi, anangolunjika kugeti. Koma nditapita 4 koloko kuti ndikasese, ndinapeza kokhoma. Ndinabwerera ndi tsache langa."

"Ndiye kuti munatsala munthu mkati."

"Kapena anatulukira khomo lakumbuyo. Ine sindinganamizire munthu."

Atanena zimenezo anayang'ana kumbali, chifukwa munthu anali atagona kale m'chitokosi ndi mawu ake. Esther anasintha funso.

"Madiramuwa anamveka liti komaliza? Lachinayi amayi munali ndi msonkhano wanu. Munaimba ndi ng'oma?"

"Ng'oma zake ziti? Tinaimba ndi m'manja ngati kumudzi. Chonsecho tinawapempha bambo anu, poti Maziko amakhala kuntchito. Anavomera mosangalala, kunena zoona. Anabwera m'mamawa ife tisanasonkhane, atatchena jekete lawo lija la bandi, lamabatani agolide. Kunja kuli chonchi, kuposa lero. Anati Modesta, tandibwereka mbaula. Ine ndinati akulu afuna aothe, ndinawapatsa ndi makala omwe. Patapita kanthawi akubwera nayo, nkhope ili gwa, dzanja ali nalo m'thumba. Akuti nyamakazi yandigwira, muimbe nokha."

"Mbaulayo ndi iyi?"

"Yomweyi. Anandiipitsira, sindinafune kunena poti ndi akuluakulu. Fungo la jumbo yopsa. Mandasi oyamba onse ananunkha, ndinakapatsa nkhuku."

Esther anagwada. Pamilomo pa mbaulayo, kumbali imene sinkayang'ana moto, panali chinthu choyera chitaundana ngati phula la kandulo. Anachitokosa ndi kiyi mpaka chinagwera m'dzanja lake. Chinali cholimba, chopyapyala kumapeto, ndipo pakona pake pankaoneka theka la chilembo chakuda, cha mtundu umene fakitale imadinda pa pulasitiki ya ng'oma.

Sanafunikire kufufuzanso. Nkhaniyi ankaidziwa kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa uliwonse wozizira bambo ake ankayatsa mbaula kuseri kwa tchalitchi, iye n'kumakupiza ndi chivundikiro cha poto. Ankagwira ng'oma moyang'anitsa kumoto, kuizunguliza pang'onopang'ono, kuigogoda ndi chala, khutu lili pafupi, mpaka mawu ake atakwera. Ankamuuza kuti chikopa chikazizidwa chimagona, ndiye umachidzutsa ndi moto. Madiramu akale aja onse anali akuda mbali imodzi chifukwa cha kuwamba kumeneko. Dzulo lomwe, Maziko atamuonetsa mwaye uja, mtima wake unali utamuuza kale, iye n'kuuuza kuti ukhale chete.

"Kodi dzanja lija lili bwanji?" anafunsa Mayi Modesta.

"Ali ndi bandeji. Anandiuza kuti anapsa ndi ketulo."

"Ketulo? A Mitawa amaphika tiyi?"

Chibadwire Esther anali asanawaonepo atagwira ketulo.

* * *

Kunyumba anawapeza bambo ake atakhala pamphepete pa bedi, atavala jekete lija la mabatani agolide, nsapato zopolishidwa, chipewa chili pabondo. Ankaoneka ngati munthu amene akudikira minibasi m'chipinda chogona. Esther anaika kachidutswa koyera kaja pampando n'kuima chotsamira chitseko. Ankafuna kulankhula ngati sajeni, koma mawu anatuluka a mwana.

"Ababa, dzino lili bwanji?"

A Mitawa anayang'ana kachidutswako.

"Ng'omayo inali yozizira, Esitere."

"Pulasitiki siizizidwa."

"Pano ndikudziwa. Ndinafika m'mawa kuti ndiyeserere amayi asanabwere. Ndinali ndisanawagwirepo madiramu amenewa, mwezi wathunthu ndimangowaonera patali. Ndinakhala pansi, ndinamenya besi, yabwino ndithu, yopepuka kuphazi. Nditamenya sineya inangoti tya, n'kutha pompo. Ilibe mchira. Zathu zija ukamenya mawu amapita kukafika kukhoma lakumbuyo n'kubwerera kudzakupeza. Khutu langa linandiuza kuti yagona. Sindinaganize n'komwe, manja anapita okha."

"Munaiwamba."

"Monga ndachitira moyo wanga wonse. Ndinaitsamiritsa pabenchi, ndinatembenuka kuti nditole kamtengo komenyera kamene kanagwa. Chikopa chimakuchenjeza, chimayamba chanunkha ubweya. Ichi sichinena kanthu. Chinangotseguka pakati ngati pakamwa, n'kuyamba kudontha. Ndinagwira ndi dzanja kuti ndiletse."

Anakweza dzanja la bandeji lija pang'ono n'kulibwezera pabondo.

"Ndinaibisa m'chipinda cha masache, mkati mwa besi yanga yakale. Madzulo ndinamuimbira Majidi. Ndinkafuna tikagule pulasitiki ina, koma sitolo yogulitsa zimenezi ndi imodzi, ndipo anzake a Maziko sachokapo. Nkhani ikanafika kuno ine ndisanakwere minibasi. Majidi anati ali ndi chikopa cha kambuzi kakang'ono, achipala mpaka chiyere ngati pepala, pofika Lamulungu munthu wokhala pabenchi sangasiyanitse. Lachisanu ndinamutsekulira ndine. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu, makamaka iwe."

Madala awiri, zaka zawo kuphatikiza zoposa zana limodzi ndi makumi atatu, anakhulupiriradi kuti mbuzi ingapusitse Maziko. Tsiku lina Esther akanaseka. Lero anakwiya.

"Bwanji osangonena? Ndi ngozi, ababa. Aliyense akanamvetsa."

"Ndikanauza ndani?" Sanakweze mawu. "Iwe unaima pamaso pa mpingo n'kunena kuti nthawi yathu inatha. Anthu anaseka. Ndinati palibe kanthu, tsiku lina ndidzakhala pa atsopanowo aone kuti manja akadalipo. Tsikulo linafika, ine n'kuwotcha ng'oma ya mpingo ngati chimanga. Unkafuna ndibwere kwa iwe nditanyamula umboni woti unanena zoona?"

Esther anasowa poyang'ana. Pakhoma panali chithunzi cha bambo ake ali mnyamata, atakhala kuseri kwa madiramu akale aja akadali owala, timitengo tili m'mwamba. Anachiona tsiku lililonse la moyo wake, ndipo sanafunsepo kuti inali nyimbo yanji.

"Dzulo ndinakuuzani kuti ndawamanga Che Majidi."

"Unandiuza."

"Inu munati dzino."

"Nsapatozi ndazivala katatu chichokere dzulo. Ndimafika pachitseko, miyendo n'kukana. Mnzanga wagona pasimenti chifukwa chosunga mawu anga, ine ndagona pabedi." Anaweramitsa mutu. "Ndilibe nkhope, mwana wanga."

Esther akanakonda kuti mlandu wonse uthere pa iwo, koma sunkathera pamenepo. Bambo ake anawotcha pulasitiki, chinthu choti Maziko akhoza kusintha ndi kiyi wake tiyi asanazizire. Amene anawotcha dzina la munthu ndi iye. Sanafunse funso ngakhale limodzi asanatulutse unyolo. Akanatha kuwaitanira Che Majidi kuseri kwa benchi, akanatha kuwatenga mwaulemu pagalimoto. Anasankha pakati pa msika chifukwa ankafuna kuti Lamulungu anthu kutchalitchi azimuloza kuti ameneyo ndiye wapolisi. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mwana wa woimba ng'oma anayenera kuudziwa mwambiwo kuposa wina aliyense.

Njira yapafupi inalipo, ndipo anaiona bwinobwino. Mpingo ukanachotsa dandaulo, mkuluyo n'kutuluka mwakachetechete, pafayilo n'kulembapo kuti panali kusamvetsetsana. Dzina la a Mitawa silikanatchulidwa. Koma ku Ndirande kukanatsala nkhani imodzi yokha, yoti Majidi anamangidwa ndipo anawanyengerera apolisi mpaka kumutulutsa.

"Valani chipewa, ababa," anatero. "Miyendo ikakana mugwira phewa langa."

* * *

Maziko atamva nkhaniyo pafoni anati pulasitiki apeza ina, madala asawavutitse. Zolembalemba za kupolisi zinatha cha m'ma 1 koloko. Che Majidi anatuluka mkanjo utachita makwinya, akuyenda mokoka mwendo umodzi chifukwa cha simenti. Ataona a Mitawa anaima.

"Che Gabu."

"Majidi, ine..."

"Mawu anu ndinasunga."

"Ndikudziwa."

"Ndimayesa mubwera dzulo lomwelo. Ndinakhala tsonga mpaka kunada, phazi lililonse pakhonde ndimati ndi lanu."

A Mitawa anavula chipewa n'kuchifinya m'manja. Esther anayamba kupepesa, koma mkuluyo anangokweza dzanja osamuyang'ana. Anatenga sineya ija patebulo, anapapasa chikopa ndi chala chachikulu kuzungulira mkombero wonse, n'kunena kuti chauma bwino. Onse atatu anakwera galimoto kupita ku Ndirande. Mkuluyo anakhala kutsogolo, awiriwo kumbuyo, ng'oma ili pamiyendo pa a Mitawa.

Msika wa Ndirande sudziwa Lamulungu. Amayi a tomato anali pamalo pawo, akabaza pamthunzi pawo, osula zidebe akugogoda malata. Atatsika pagalimoto anthu anayamba kukodolana. Wina ananena mokweza ndithu kuti masiku ano akuba sagona kawiri. Che Majidi anamva, anatsekula kanyumba kawo kuseri kwa benchi, analowa, n'kutseka chitseko.

Esther anaima pamsewu ndi fayilo ya mlandu m'khwapa. Dzulo anthu anabwera okha osaitanidwa. Lero aliyense ankaonera patali, m'mbali mwa diso, ndipo phokoso la malata likanameza mawu ake onse. Kodi akanayenda benchi ndi benchi? Ali mkati moganiza, anaona bambo ake akukoka kireti yopanda kanthu. Anakhalapo, anaika sineya pamaondo, anatulutsa timitengo m'thumba la jekete. Kamodzi anakalowetsa m'bandeji chifukwa zala sizinkapinda.

"Ng'oma ndiyo imaitana anthu," anatero. "Akabwera ndinena ndekha."

Anamenya. Inangoti bu, bu, ngati munthu akugogoda pilo. Chikopa chatsopano, chogona m'ofesi yozizira, kunja kuli chiperoni. Anamenyanso mwamphamvu, nkhope itakwinyika ndi ululu, koma mawuwo sanadutse ngakhale ngalande. Mtsikana wina wogulitsa nthochi anaseka. A Mitawa anatsitsa timitengo, ndipo Esther anaona kuti mapewa awo agwa. Akanakonda nthaka itseguke iwameze onse awiri.

Kumbuyo kwawo chitseko chinalira. Che Majidi anatuluka atanyamula mbaula, makala atayaka mbali imodzi. Anaiika pansi patsogolo pa mnzawoyo, osati pafupi kwambiri, n'kubwerera kukakhala pabenchi yawo.

"Imeneyo tsopano ndi yachikopa, Che Gabu," anatero akuyang'ana kumsewu. "Mukhoza kuiwamba."

A Mitawa anaika timitengo pansi. Anapendeketsa ng'omayo kumoto. Makalawo anali asanakolere bwino, utsi wokhawokha. Esther anayang'ana uku ndi uku kufuna chokupizira, osachipeza. Anagwada m'fumbi lonyowalo ndi siketi yake ya Lamulungu, anachotsa fayilo m'khwapa, n'kuyamba kukupiza nayo.

Moto unayaka. Bambo ake ankazunguliza ng'oma pang'onopang'ono, akugogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Mawu anayamba kukwera. Atakhutira anaibwezera pamaondo n'kumenya kamodzi. Sinathetheke ngati mmene Maziko ankafunira, komanso sinatsike ngati zakale zija. Inalira mouma, mawaya akunsi akuyankha, ndipo mchira unalipo. Wosula zidebe mmodzi anaimitsa nyundo.

Kenako a Mitawa anaimba. Anayamba ndi kamenyedwe ka dansi ya kale, kamene anthu a imvi okha ndi amene anakazindikira, ndipo mayi wina wa tomato anapezeka akugwedeza phewa asanafune. Akabaza anabwera ndi njinga zawo. Ana anadutsa pansi pa mabenchi. Bandeji ija inayamba kufiira koma sanasiye mpaka msewu unatsekeka, anthu ochuluka kuposa a dzulo. Atamenya komaliza kunangoti zii.

Anagwira kireti kuti aimirire. Esther anaika dzanja paphewa pawo.

"Munena, ababa. Koma unyolo unali wanga, ndiyambe ndine."

Anaimirira, maondo ali matope, fayilo itapsa pakona. Anafunafuna m'gulumo mpaka anamupeza wa kabaza uja, ndi mayi amene anakuwiza kwambiri dzulo.

"Ambiri a inu munalipo dzulo," anatero. "Ine ndine Esther Mitawa. Ndinamanga Che Majidi pamalo pano osawafunsa kanthu. Sanabe chilichonse. Musachoke, ndikufuna mumve zonse mmene zinayendera, ndipo mukauzenso amene munawauza dzulo."

Pabenchi paja Che Majidi anali asanamuyang'anebe. Anatenga mpeni wawo wopalira zikopa n'kuyamba kuunola pamwala.